Chimphona cha a Bulashi Chinakagona M'madzi

A Bulashi akhala akupenta akavalo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, koma kavalo weniweni wodya udzu sanamukhudzepo ngakhale mchira. Awo ndi akavalo amatabwa, aja amazungulira ndi ana pa paki ya masewera kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Munthu wake ndi wamfupi, wa kamimba kaulemu, ndipo penti sachoka m'makutu mwawo. Ukawaona khutu lobiriwira, dziwa kuti sabata ino akupenta mabenchi. Kusukulu anapitako ndithu, anakaona kumene chitseko chinayang'ana, n'kubwerako.

Ntchito yawo inali yotsata mizere ya anthu ena. Pamene wina anapaka chofiira kalekale, iwonso chofiira. Zimenezi zinkawadya mumtima pang'onopang'ono ngati chiswe.

Kumapeto kwa pakiyo kunali ngalande yasimenti, youma, yokhotakhota, yodutsa m'chishedi chachikulu cha malata. Kale munkayenda timabwato, koma pampu itafa munangotsala masamba ndi mabotolo. Tsiku lina Bwana, mwini paki, anaima pamenepo manja m'thumba, n'kulamula kuti ngalandeyo ikwiriridwe pakhale poimika magalimoto.

"Bwana, ndipatseni ine ngalandeyi," anatero a Bulashi. "Ndiikamo nthano. Ana azikwera bwato, nthano azikumana nayo m'njira."

"Nthano yake iti, madala?"

"Ija ya mtsikana amene anapalasa bwato kukaba kiyi kwa chimphona chili m'tulo, kuti atsegulire mlongo wake. Palibe mwana wosaidziwa."

Bwana anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera. Anawapatsa miyezi iwiri, ndi mtsikana wina injiniya woti adzutse pampu. Loweruka lomaliza ana adzakwera. Akadzatsika osakuwa, osapempha kubwereza, Lolemba thalakitala ilowa.

Injiniya anayeza ngalande ndi tepi. A Bulashi anayeza ndi wilibala. Anakhalamo miyendo lendee, akazi awo akukankha, iwo akusimba nthano mokweza. Pamene chiganizo chathera, ankalemba ndi choko pakhoma: apa nkhalango, apa phanga, apa chimphona.

"Mayi, pang'onopang'ono! Mwandifikitsa kwa chimphona mtsikana asanatsanzike n'komwe kwawo."

"Ndiye muzidya pang'ono, bambo. Pali potsetsereka apa. Kapena ndikusiyeni mukafike nokha?"

Chimphonacho anachiumba ndi mawaya, masaka ndi simenti, chitakhala chotsamira khoma, mutu kutsala pang'ono kugunda malata. Mano ngati makasu, nsidze za chingwe chomasula. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anapaka utoto pamene panalibe mzere wa munthu wina. Akazi awo atachiona anangoti, "Mwachitenga kwa achimwene anu aja mphuno."

Lachitatu la sabata yomaliza, madzi atadzaza, anayesa ndi ana a anzawo a pantchito. A Bulashi anabisala kuseri kwa mwendo wa chimphona, kudikira mfuu. Bwato loyamba linadutsa. Zii. Lachiwiri, zii. Ana onse anali atawerama, manja m'madzi, akuwazana. Potsika, kamtsikana kena kanafunsa mayi ake, "Nanga chimphona chija chili kuti?"

Chinthu chotalika ngati nyumba, osachiona! A Bulashi anatuluka kuseri kuja ngati nkhuku yonyowa. Injiniya anayesa kuwatonthoza kuti awonjezera nyali ndi sipika. Iwo anangotola chopalira penti n'kubwerera kwa akavalo awo, poti kavalo wamatabwa saseka munthu.

Akupala khosi la kavalo woyera, anaima. Pakhosi ndi m'makutu penti anali ataperepeseka mpaka thabwa kuonekera, monga chaka chilichonse. Koma maso, amene iwo ankathera tsiku lathunthu kuwakongoletsa, anali atsopano ngati apakidwa dzulo. Anazungulira akavalo onse khumi ndi awiri. Chimodzimodzi. Zaka zonsezi penti ankawauza, iwo osamva: mwana amayang'ana pamene pali dzanja lake.

Anathamanga, kamimba kali patsogolo, kukamupeza injiniya pa pampu.

"Mwanangu, ndibwereke chodulira zitsulo. Chimphona ndikuchidula mutu."

"Madala, mwatani? Kwatsala masiku awiri! Pulani Bwana anasaina kale."

"Pulani siikwera bwato. Phwetsa madziwa. Chimphona chigona pansi."

Injiniyayo anayang'ana ngalande. Pa khona la m'phanga panali dzenje lakuya, posonkhanira matope. "Nkhope yokha ingakwane apo," anatero. "Koma chogona chimaliza mkonono. Ndikokera paipi ya mpweya kuchokera pa makina opopera matayala, ilowe m'mphuno."

"Iwe, sukulu inakupindulira!"

Anadula mutu, n'kuucheka kuti patsale nkhope yokha ngati mbale yaikulu. Anadulanso dzanja limodzi, analiika chapatsogolo pang'ono, chikhatho chili m'mwamba, kiyi wamkuwa ali pakati, womangidwa ndi tcheni. Anapaka penti wa mabwato wosaopa madzi, injiniya n'kuika nyali yobiriwira pansi pa chibwano. Thunthu lopanda mutu analiphimba ndi masaka, likhale phiri. Akazi awo anabweretsa chakudya, n'kuona mphuno ya alamu awo ili chagada m'dzenje, anaseka mpaka kukhala pansi.

Loweruka linafika. Mwini thalakitala anabwera nayenso, akuti kudzaoneratu ntchito ya Lolemba, n'kumayeza ngalande ndi mapazi pamaso pa a Bulashi. Bwana anavala suti ndi tayi, nakwera bwato loyamba pamodzi ndi ana asanu, nkhope ili ngati ya munthu wopita kumaliro a mnansi amene sankagwirizana naye.

Anadutsa nkhalango. Analowa m'phanga, mdima bii. Ana, monga mwa khalidwe lawo, manja m'madzi. Kenako madzi anayamba kubwata, bwibwibwi, thovu likukwera m'mbali mwa bwato. Kamnyamata kena kanaona kiyi akunyezimira, n'kutambasula dzanja. Nyali inayaka. Pansi pa zala zake penipeni panali chinkhope, mano ngati makasu, mphuno ikufwenthera.

Mfuu imene inatuluka mmenemo inagwedeza malata. Koma mawu okulirapo onse anali a munthu wamkulu: "Mayi wanga ineee!" Bwato potuluka, Bwana anali atakweza miyendo pa benchi, tayi ili paphewa, atakumbatira kamwana ka eni ake ngati ndiko kawapulumutse.

Ana sanadikire kuti bwato liime bwino. Anathamanga kukaimanso pamzere, akukuwa, "Tibwereze! Tibwereze!" Pofika masana mzere unali utadutsa akavalo n'kukafika pageti. Mwini thalakitala anali wachisanu ndi chinayi kuchokera kumapeto, akunamizira kuti akufuna kuona kuya kwa madzi.

Bwana anakonza tayi yake n'kuwapeza a Bulashi. "Madala, ine sindinachite mantha. Ndimangothandiza anawo."

"Tinamva, Bwana. Munawathandiza kwambiri."

"Magalimoto aziima kumsewu. Ngalandeyi ndi yanu."

A Bulashi anaima potulukira tsiku lonse, chifuwa chili patsogolo kuposa mimba, zimene zinali zisanachitikepo. Chakumadzulo anamva kamtsikana kakusimbira bambo ake: "Ndiye mtsikana uja anachikankhira m'madzi, phava! N'chifukwa chake chili pansi."

"Si mmene imathera nthanoyo," anatero bambowo.

A Bulashi anatsegula pakamwa kuti avomereze, n'kutsekanso. Lolemba m'mawa, pa khoma lolowera kuphanga, anajambula mtsikana wa timanja towonda akukankha chimphona, miyendo yake ili m'mwamba, madzi akuthovoka mpaka kumalata. Mpaka lero ana amene anakwerapo bwato limenelo amakangana ndi aphunzitsi awo kuti buku ndi limene linalakwitsa.