Mphesa Zodana ndi Mvula

Januwale wa chaka chimenecho anapeza Zondwayo atakhala pachitsa m'munda pafupi ndi Jenda, akuonerera mphesa zake zikuola. Mvula inkagwa mosalekeza, zipatso zinkaphulika, chuku n'kumera. Sikanali koyamba.

Mayeso a Fomu 4 anali atamukana. Ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa inatha nkhalango itapsa. Kumudzi anabwerera ndi mtolo wa timitengo ta mpesa timene mkulu wina wa zankhalango anamupatsa, n'kumuuza kuti mphesa zake amapangira vinyo woyera. Anatibzala m'munda wa malemu bambo ake, umene mwini mawu anali mkulu wake, Anderson.

"Anzako mvula ikagwa amathokoza Mulungu, iwe umalira," anatero Anderson. "Mbewu yanji yodana ndi mvula? Mu Seputembala ndifesa nazale ya fodya. Zikakhala zomwezi, mbwenu ndizula zonse."

"Yewo, akulu," anayankha Zondwayo.

Mu Febuluwale mbuzi za Anderson zinathyola mpanda n'kudya mzere wa m'mphepete, masamba ndi nsonga zomwe. Zondwayo anangoti mzerewo wafa. Koma unaphukanso, unachita maluwa mvula ikupita, ndipo mu Julaye unabereka timaphava tochepa, tosaola, totsekemera.

Wina akanangodya n'kuiwala. Zondwayo anadzifunsa: mzere wodyedwa wabereka bwanji, pamene mizere yosamalidwa inaola? Yankho linali loti mpesa umayamba kuwerenga nyengo tsiku limene waduliridwa. Ukaudulira mochedwa, umapsa mvula itatha. Anatengera mkulu wake phava limodzi m'mbale, n'kupempha chaka china. Anderson anadya phavalo lonse, kenako anavomera monyinyirika.

Dzinja lotsatira Zondwayo anatenga mpeni, anathothola mphesa zonse zisanapse, n'kudulira munda wonse. Anthu opita kumsika wa Jenda ankaima kumuyang'ana munthu wotaya zokolola ndi manja ake.

"Mbuzi zija zinali ndi njala," anatero Anderson. "Nanga iwe vuto lako n'chiyani?"

Zondwayo anangopitiriza kudula, ngakhale mumtima nayenso ankaopa.

Nyengo yozizira itafika, munda unadzaza. Dzuwa la masana linkatsekemeretsa mphesa, chisanu cha ku Viphya n'kuzisungira kuwawasa kwake. Zondwayo anazifinya n'kuthira madzi ake m'zigubu kuti apange vinyo. Chigubu choyamba chinalowa mpweya, vinyo anasanduka viniga. Chachiwiri anachitseka bwino. Munatuluka vinyo wooneka ngati udzu wouma, wonunkhira gwafa, wowawasa pang'ono ngati ndimu, wokoma akazizira. Mayi wina wa malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wa M1 analawa ndi nsomba yootcha, kenako ndi nkhuku yachikuda, ndipo ananena kuti chaka chamawa asagulitse kwina.

Kunatsala woweruza mmodzi. Zondwayo, vinyoyo ali m'manja, anapeza Anderson pakhonde akudya nyama ya ng'ombe.

"Akulu, ameneyu sayenda ndi ng'ombe. Amafuna nkhuku kapena nsomba."

"Mbewu yake yokana mvula, vinyo wake wokana ng'ombe, m'dziko la Angoni? Thira."

Anderson anamwa, nkhope n'kuchita makwinya.

"Wowawasa chomene. Ine sindinamukonde."

Zondwayo anadikira chigamulo.

"Koma wogula wamukonda, eti? Fodya ndibzala kuseri kwa phiri. Ndipo mpanda wakowo ndi wamanyazi, mawa tikadule mitengo."

Lero mundawo wafika mpaka kumtsinje, ndipo Anderson sanasinthe maganizo ake pa za kukoma kwa vinyoyo.

Inu amene mwagwira ntchito zaka zambiri koma zipatso zake zikungoolera m'manja, musafulumire kunena kuti munabzala zolakwika. Nthawi zina mbewu ili bwino, nthaka ili bwino, cholakwika ndi nyengo yokha. Musanazule, yesani mwezi wina. Osataya mtima.