Achimwene Ankadikira Panja

Achimwene anga a Gervásio ankanyamula thumba la kachewere ngati mulibe kanthu. Munthu wamtali, wowonda, fodya wopichira okha sachoka pakamwa. Kuno ku Ntengo-Wambalame aliyense ankaidziwa mota yawo, njinga yamoto yofiira yotutira mbatata kumsika.

Mwezi uliwonse ankakweza alamu anga a Filomena pamotapo kukawayezetsa tensau, kuthamanga kwa magazi kuja. Poti alamu ndi onenepa, iwo ankati nthendayo ndi ya alamuwo basi. Akafika kuchipatala, alamu mkati, iwo panja pamthunzi, utsi tolotolo.

Tsiku lina ndidapita nawo. Namwino adatuluka n'kuwafunsa zaka.

"Cinquenta e dois," adatero achimwene, kutanthauza zaka 52.

"Ndiponso mumasuta. Kwanu alipo adadwalapo mtima?"

Ndidayankha ndine: "Bambo athu adagwa pabwalo tili kothawa nkhondo ku Malawi, osadzukanso. Achimwene aakulu chimodzimodzi."

"Ndiye oyenera kuyezedwa ndinuyo, bambo. Lowani."

Adaseka, inu! "Ine ndikakhale pabenchi ya azimayi apakati? Mafuta ake mukuwaona pati? Madala adachita kulodzedwa chifukwa cha dimba, mudzi wonse ukudziwa. Iwe Edina, pakamwapo!"

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Mota ikangotsokomola pang'ono, tsiku lomwelo ali nayo kwa makaniko. Mbewu akaiona tsamba lachita chikasu, tulo osabwera. Koma mtima wawo, umene ukudyetsa ana, ayi, poti ndi mwamuna. Umuna wanji wopusa chonchi? Paja samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Chaka chatha nthawi yokumba, adawerama kuti akweze thumba, basi pansi khu! Kamwa kupotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zii. Moyo udatsala, koma mota idapita, dimba lamera udzu.

Tsopano amalowa mkati muja. Amakhala pabenchi yomwe ija, alamu atawagwira uku, ine uku, namwino n'kuwamanga lamba woyezera kumkono wamoyowo. Sabata yatha adandikoka chitenje, kulimbana ndi lilime kuti atchule mwana wawo woyamba, bambo wa ana awiri amene naye fodya sachoka pakamwa.

"Da... Daniel. Abwere."

Ndidalira, ndisaname. Kuchoka apo ndidalunjika kumunda kwa Danielyo n'kumuuza mawu a bambo ake.

Adandiyang'ana n'kuseka. "Aa, azakhali, ine? Simukuona kuwondaku?"