Odi pa Nyumba Yopanda Denga

Mwana wanga akuyendera mabwinja a ku Girisi pa galimoto, ndipo wanditumizira chithunzi cha zipilala zopanda denga. Chandikumbutsa tsiku lomwe, ndili wamng'ono, abambo anaimitsa lole titadutsa Muloza, pa bwinja la nyumba ya Apwitikizi. Zipilala zake zinali zazitali mpaka khosi linandiwawa, mwala wake wozizira, fungo la mileme lili ponseponse.

Abambo anavula chipewa. "Odi kuno!"

"Ababa, eni ake apita kukagula malata?"

"Khala chete, Esinati. Alimo."

Ndinadikira kuti atuluke. Inangoyankha njiwa.

Panopa ndikudziwa kuti munalibe munthu. Komabe mwanayo ndamufunsa chinthu chimodzi chokha: "Usanalowe, unaodira?"