Mutu Wachitatu pa Khoma la a Hezron

Pa boma la Rumphi panalibe khoma limene a Manase Harawa sanalikhudze ndi burashi. Munthu ukaima nthawi yaitali pamzere wa masitolo kudikira galimoto ya ku Katowo, unkatha kufika kwanu kumsana atakulemba kuti TIYI NDI SIKONO. Wolemba zikwangwani analipo mmodzi yekhayo, kuyambira pamlatho wa Njakwa mpaka kumene msewu umathera mphamvu. Penti anawalowa m'magazi moti udzudzu ukawaluma unkauluka uli wobiriwira.

Mzere wa masitolowo unali wakalekale, wa makonde aatali ndi mizati ya njerwa. Anaumanga ndi amwenye, ndipo iwo atauzidwa kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu, munalowa atelala, abutchala ndi mayi wa tiyirumu; a Hezron ometa tsitsi okha ndiwo analimo kale. Eni masitolo ankasintha, koma zithunzi za pamakoma zinali za dzanja limodzi. Pa butchala panali ng'ombe yomwetulira ngati sikudziwa zimene zimachitika mkatimo. Pa tiyirumu panali mkazi wonyamula kapu yaikulu kuposa mutu wake. Pakhonde la a Hezron panali mitu isanu ya amuna, uliwonse ndi kametedwe kake, nambala yake ili kunsi.

A Manase eni ake anali munthu wozizira. Sankakwiya, sankaseka, sankafulumira. Mavu anawaluma pakhosi Lolemba, iwo n'kudzati "mayo" Lachitatu, ndiponso motsitsa. Akuluakulu okha ndiwo ankakumbukira kuti munthuyu kale anali waphokoso, woimba besi m'kwaya ya ku Nchenachena mpaka misomali ya malata kumasuka. Phokosolo linatha mu 1965, tsiku limene landilova ya boma inaima pasukulu pomwe ankaphunzitsa mng'ono wawo Ellard. Ellard anakwera choko chili m'manja. Sanabwerenso. Kalata sinabwere, maliro sanachitike. Sabata yomweyo abale anatentha zithunzi zake zonse, ndi cha ukwati chomwe, chifukwa masiku amenewo chithunzi cha munthu wotengedwa chinkatha kutengetsa nyumba yonse. Mkazi wake anabereka khanda kumsana n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. Dzinalo linaleka kutchulidwa, moti ma Ellard ena a m'bomalo anayamba kuitanidwa ndi maina a ana awo, ndipo amene analibe ana anafulumira kubereka.

Chimene otentha zithunzi sanadziwe n'chakuti kutatsala chaka kuti zimenezi zichitike, a Manase, posowa munthu womuyang'ana pojambula mitu ya a Hezron, anakhazika mng'ono wawoyo pachitini cha penti masana onse. Mutu wachitatu, wa seda yowongoka ngati yolembera pa rula, unali wa Ellard, ndi makutu ake otambalala aja, ndi kampata ka m'mano. Odziwa analipo awiri, a Manase ndi a Hezron, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zinayi sanakambiranepo. Mitu inayo inkasintha malinga ndi zimene anyamata akufuna chaka chimenecho. Wachitatu ayi, ngakhale seda yotero panalibenso woifuna. Mvula ikangotha, a Manase ankaubwereza, mzere pamwamba pa mzere, mpaka penti anachindikala, mphuno inatuluka pakhoma, ndipo odzameta ankakolekapo zipewa.

Mu 1989 kunabwera lamulo lakuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo. Palole yodzaza mabedi, mbaula ndi nkhuku zosokonezeka mutu panatsika mphunzitsi wachitsikana, dzina lake Nelly Harawa, khanda lija. Kumpoto anachokako ali kumsana. Chitumbuka chake chinali "yewo" ndi "chomene" basi, koma pepala la boma linati dzinalo ndi lakuno, ndiye kwawo n'kuno. Anafunsira njira ya kwa bambo ake aakulu. A Manase anamuyang'ana makutu, anamupatsa mpando, n'kumufunsa ngati msewu wa pa Chikangawa unali bwino. Oyandikana nawo nyumba anali atasonkhana kale kuti aone misozi. A Manase anaifunafuna mumtima ngati munthu wopapasa machesi m'thumba lobooka, osapeza kanthu.

Nelly anafunsa kamodzi kokha, motsitsa mawu, ngati panatsala chithunzi chilichonse cha bambo ake. Mayi ake anali atamwalira osamulongosolera bwino nkhopeyo, ankangoti anali wamtali. A Manase anati zonse zinapsa. Mumtima anati mwanayu ali pantchito ya boma, ndipo pa boma pano mawu ukawanena pa butchala m'mawa, pofika masana amakhala ali kale pampando kwa tcheyamani wa chipani, atavala ndi tayi yomwe. Kumuonetsa mutu wachitatu kukanakhala kumuveka dzina limene anthu onse analivula. Anasiya choncho.

Masana, ana akaweruka, Nelly ankaphunzitsa sukulu ya kwacha, ya amayi akuluakulu ofuna kudziwa kuwerenga. Amayi analipo makumi awiri ndi mmodzi, mabuku atatu. Iye anaona kuti mzere wa masitolo ndi buku lotsegula kale, lakuti palibe angapite nalo kunyumba kukakulungira fodya. Anapempha bambo ake aakulu kuti Lachinayi lililonse aziwayendetsa amayiwo khoma ndi khoma, aziwerenga zolembedwazo ndi kumva mmene zithunzizo zinafikira pamenepo. A Manase anavomera mmene ankavomerera chilichonse, ndi kugwedeza mutu kumene munthu unkafunika kukhala tcheru kuti ukuone.

Ulendowo unkayambira pa butchala. A Manase patsogolo ndi kandodo kolozera, amayi pambuyo, makanda kumsana, Nelly kumapeto kukusa otsalira. Ankawerenga mokweza onse pamodzi, NYA-MA YA LE-RO, mpaka agalu a pakhondepo kuthawa. Panali mayi wina, a Lettie, wogulitsa usipa wochokera ku Chitimba, amene pakamwa pawo sipanatsekepo chibadwire. Iwo anati nyama ya lero yomweyo anaiwerenganso sabata yatha, ndiye kodi lerolo limatha liti. Anafunsa chimene ng'ombeyo ikusekera. A Manase anati mwini butchala anakana ng'ombe yachisoni. Za kapu ya pa tiyirumu anati mwini wake ankafuna kuti anthu aziyiona ali ku Bolero. Zonsezi ankazinena ngati akuwerenga mndandanda wa misomali, ndipo amayi ankaseka kwambiri chifukwa cha chimenecho.

Anawaonetsanso ntchito yeniyeniyo: mmene amakhwimitsira chingwe chopaka makala n'kuchimenyetsa pakhoma kuti zilembo ziime pamzere, mmene penti wachikasu akakumana ndi wabuluu amabereka wobiriwira, ndi chifukwa chake S ndi chilembo chamwano kuposa zonse. Mbiri inamveka. Amuna anayamba kulowerera, aliyense akunamizira kuti njira yake ndi yomweyo. Pofika sabata yachinayi mzere wa anthu unatalika moti akutsogolo ali kwa a Hezron, akumbuyo anali akadali pa NYA.

Kwa a Hezron ndi kumene ankaphunzira manambala. Kandodo kankaloza mutu woyamba, amayi amvekere wani. Wachiwiri, thuu. Kenako kandodo kankadumpha n'kukatera pa wachinayi. Masabata atatu zinadutsa choncho. Lachinayi lotsatira a Lettie anaika dengu lawo pansi.

"A Harawa, kusukulu kwanu filii kunalibe?"

Anayandikira khomalo, anayang'ana mutuwo, anacheuka kuyang'ana Nelly, n'kubwereranso kukhoma.

"Aphunzitsi, taimani apa pambali. Anzanga, taonani makutuwa. Mwatibisira mchimwene wanu eti?"

Amayi anaseka. Mkatimo lumo la a Hezron linaima pakati pa mutu wa munthu. A Manase anati makutu ndi makutu, aliyense ali nawo awiri, ndipo kandodo kanapita pa folo. Nelly anaseka nawo, koma pochoka anacheuka kamodzi. A Manase anaona kucheukako ndipo anadikira kuti mtima ugunde. Sunagunde. Anangokumbukira kuti burashi yaing'ono anaisiya osatsuka.

Patapita masiku awiri tcheyamani anayenda sitolo ndi sitolo. Anati Lachiwiri kudutsa akuluakulu ochokera kulikulu, makoma onse ayere mbee, chifukwa ng'ombe zoseka ndi mitu yopanda matupi sizionetsa chitukuko. Ntchito yopaka laimu anaipereka kwa a Manase. Akanapatsanso ndani?

Anayambira pa butchala. Ng'ombe inalowa m'laimu ikumwetulirabe. Mkazi wa kapu anamira, kapu yake inatsalira pang'ono, nayo n'kumira. Khoma lililonse analibwereza katatu, laimu wolimba ngati phala la mwana wodwala. Ntchito ya zaka makumi atatu inatha m'masiku awiri, ndipo chimene chinawadetsa nkhawa n'chakuti burashi inkathothoka ubweya.

Kwa a Hezron anafika madzulo a Lamlungu, anthu atachepa. A Hezron anatuluka n'kuima pakhomo, thaulo paphewa.

"Onse asanu?"

"Onse."

M'zaka makumi awiri ndi zinayi, kukambirana kwawo za nkhaniyo kunali komweko. Koma a Hezron anaona kuti mnzawoyo akuthira madzi m'ndowa ya laimu, n'kuthiranso, n'kuthiranso, mpaka laimuyo anafanana ndi mkaka wa pa tiyirumu, umene ng'ombe itauona ingakane kuti si wake. Anapaka kamodzi kokha. Wopaka laimu aliyense amadziwa kuti laimu akakhala wonyowa sabisa kanthu, amayera akauma. M'mawa mwake khomalo linali mbee ngati anzake, kupatula kamphuno kaja. Tcheyamani pobwera kudzayendera anakolekapo chipewa chake, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti ntchito yagwirika.

Akuluakulu aja anadutsa Lachiwiri, magalasi otseka. Kudutsa kwake kunatenga nthawi imene munthu amatenga pomeza malovu, ndipo fumbi la magalimoto awo linafiiritsa makoma onse mpaka m'chiuno.

Lachinayi amayi anasonkhana pa butchala mwachizolowezi. Panalibe choti awerenge. Nelly anali akuwauza kuti abwerere ku mabuku atatu aja pamene a Manase anatulukira, kandodo kudzanja ili, ndowa ya madzi kudzanja linalo. Pa butchala sanaime, pa tiyirumu sanaime. Amayi anawatsata chifukwa miyendo inali itazolowera.

Usiku wapitawo a Manase sanaganize kanthu kozama. Anangoona kuti zithunzi zinapsa, khoma layera, a Hezron akutsokomola kwambiri masiku ano, ndipo iwonso masitepe a makwerero ayamba kuwatalikira. Akadzapita awiriwa, mutu wachitatu udzakhala kametedwe chabe.

Pakhonde la a Hezron anatunga madzi ndi chitini n'kuwakhuthulira pakhoma, kuyambira kumanzere. Kuyera kuja kunasungunuka. Mitu inayamba kutuluka umodziumodzi, yotuwa ngati anthu oima kuseri kwa nsalu yopyapyala. Amayi anati ndi mankhwala. A Lettie anati mankhwala ake ndi a pampopi. Kandodo kanakwera.

Wani. Thuu. Kandodo kanasuntha pang'ono n'kuima.

"Filii," anatero a Lettie okha, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo sanafike kutsidya kwa msewu.

"Uyu dzina lake Ellard Harawa," anatero a Manase. "Anali mphunzitsi. Nelly, mwana wanga, bambo ako ndi amenewa."

Anazinena ndi mawu omwe aja a mndandanda wa misomali. Amayi atatu anakumbukira nthawi yomweyo kuti anasiya nyemba pamoto, ndipo anachoka osatsanzika. Enawo anayang'ana pansi. Aliyense ankadziwa kumene mawu amenewo angakagone usiku umenewo. A Lettie ananyamula dengu lawo, analiikanso pansi, n'kunena mokweza, moyang'ana kumsewu, kuti iwo ndi ophunzira manambala, ndipo chimene amva lero ndi filii basi. Amayi angapo anavomera kuti filii ndithu. A Hezron anatulutsa benchi ya odikira kumeta n'kuiika pakhonde.

Nelly sanakhale pabenchipo. Anaima pafupi ndi khoma, kaundula wa sukulu ya kwacha ali kukhwapa. Sanalire. Anayang'ana seda, anayang'ana kampata ka m'mano, kenako dzanja lake linakwera lokha kukagwira khutu lake. Munthu wa pakhomayo anali wa msinkhu wake, mwina wamng'ono kwa iye ndi chaka.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa la ku Rumphi silidikira munthu. Khomalo linayamba kuuma kuchokera pamwamba. Seda inapita poyamba, kenako chipumi. Makutu anachedwako, poti analipo ambiri. A Manase anaima ndi chitini m'manja kudikira kuti mwina mantha abwera, kapena kupepukidwa kumene anthu amanena. Chimene anamva ndi phewa lowawa chifukwa cha ndowa ija. Maso a Ellard anazilala, kukamwa kunatsatira, khoma linayeranso mbee.

Nelly anasuzumira m'ndowa.

"Adada, madzi atha?"

A Manase anayang'anamo nawonso, ngakhale ankadziwa. Anapatsa a Lettie kandodo kuti awagwirire, ananyamula ndowa, n'kuwoloka msewu kupita kumpopi.