Manja anga a simenti ndi khungu la mkazi wanga

Ntchito yanga inali yomanga. Zaka zimene nyumba za kanselo ya mzinda zinkagulitsidwa kwa okhalamo, aliyense wopeza bwino ankafuna mpanda wautali, ndipo ine ndinkachoka ku Kabwata m'mawa uliwonse kukamanga mipanda ku Kabulonga. Simenti inandidya manja mpaka anakhala okhakhala ngati mwala wonolera. Mkazi wanga ankandiseka kuti moni wanga umakanda.

Matenda ake anayamba ndi zilonda za m'kamwa. Anasiya ndiwo za mchere, tiyi ankamwa atazizira. Tinkati zitha. Ndiye Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, ndinamugwira pamkono kuti atsike bwino minibasi. Khungu linatereleka pansi pa chala changa ngati la tomato wothiridwa madzi otentha. Panatsala malo ofiira, onyowa.

Sanalire. Anangoyang'ana pamkonopo nati, "Atate, mwandichita chiyani?"

Kuyambira tsikulo sindinamukhudzenso. Ndinasamukira pamphasa. Kapu ndinkamuikira patebulo, osamupatsa m'manja. Matuza anatuluka kumsana ndi pachifuwa, akuphulika okha. Nthawi imeneyo maliro anali a sabata ndi sabata, ndipo munthu akatuluka zilonda aliyense ankaganiza za matenda amodzi omwewo. Inenso ndinkawaopa. Koma ndinkaopa kwambiri manja anga.

Mkulu wake wa mkazi wanga anabwera kuchokera ku Chipata, ndipo ndinakamuchingamira pasiteshoni ya mabasi ya Intercity. Atamuona mng'ono wake anandicheukira.

"Alamu, munthu adwale chonchi osamuthowa? Inu a m'tauni munaiwala zonse."

Kwathu wodwala amamuthowa: amaviika nsalu m'madzi otentha, n'kuifinya, n'kumakanikiza pathupi kuti ululu uchoke. Ndipo akazi akamasamalira thupi la mkazi mnzawo, mwamuna salowapo. Ndinatuluka, n'kukhala panja pabuloko la simenti, Baibulo lotseka lili pabondo. Mtima unkandiuza kuti ndilankhule za pamkono paja. Koma ndinkakhulupirira kuti vuto linali manja anga, osati a munthu wina aliyense.

Ndinamva madzi akudontha m'beseni. Ndinamva mkazi wanga akuti, "Akulu, pang'onopang'ono." Anabwerezanso.

Mlamu anatuluka nsalu ili m'manja. Pansalupo panali patamatirira khungu lalikulu ngati chikhatho.

"Alamu, bwerani muone. Sindinakanikize n'komwe."

Sindinamuimbepo mlandu mayi uja. Ndi manja omwewo anathowa amayi awo, ndiponso anandithowa ine nditagwa pamakwerero, ndipo tonse tinachira.

Tinamukulunga mkazi wanga munsalu yoyera, woyandikana naye nyumba n'kutitengera kuchipatala chachikulu pagalimoto yake. Titafika nsaluyo inali itamatirira kumsana. Anamwino anachita kuinyowetsa kwa nthawi yaitali kuti ichoke, ine nditaima pakhonde ndikuyesa kupemphera. Anamutenga magazi, anadulanso kachidutswa ka khungu kukayeza, ndipo tinadikira masiku ambiri. Ndinkapita kuntchito, n'kumaika njerwa mokhota ngati wophunzira kumene.

Amene anandiitana anali dokotala wachikazi wa ku Copperbelt, wolankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Ba tate, mugwila nchito bwanji?"

"Ndimamanga."

"Ndiye muzamvela mwamsanga."

Anati matenda amene tonse tinkawaopa aja sanapezeke. Kenako anajambula khoma papepala. Khungu la pamwamba, anatero, ndiponso la m'kamwa, ndi timaselo ting'onoting'ono tosanjikizana ngati njerwa. Chimene chimatigwirizanitsa ndi mapuloteni otchedwa kadherini, omwe amakola selo lina ku linzake. Kwa mkazi wanga, asilikali a m'thupi mwake anasokonezeka n'kuyamba kuwononga zogwirizanitsazo.

"Njelwa zonse zili bwino," anatero. "Daka ndiye yasila."

Daka ndi matope a simenti amene timaika pakati pa njerwa. Ndinamvetsa, ndipo kumvetsako kunandiopsa koposa. Khoma lopanda daka ndimalidziwa. Limaoneka loima, koma mwana akhoza kuligwetsa ndi phewa.

Ndinamuonetsa manja anga. "Si awa anayambitsa?"

Anawagwira n'kuwatembenuza. Anati ayi, ngakhale thaulo lofewa likhoza kusenda khungu lotero, ndipo matendawa sapatsirana. Koma madzi otentha asayandikirenso, kupukuta ayi, kukoka ayi. Pomunyamula ndiziika zikhatho zotambasula pansi pake, osatsina ndi zala. Anandichenjezanso za mapiritsi: aletsa asilikali aja kuwononga khungu, koma afooketsanso thupi, moti chifuwa wamba chikhoza kukhala choopsa. Ndipo tisadzawasiye tokha ngakhale zilonda zitauma.

Zilonda zinayamba kuuma, nkhope yake n'kufufuma ndi mankhwalawo. Ine ndinkadzola mafuta m'manja m'mawa ndi madzulo, anzanga kuntchito n'kumandifunsa ngati ndapeza chibwenzi ku Woodlands. Komabe sindinamukhudze. Mawu a dokotala ndinawamva, koma chala changa chinkakumbukira za paminibasi paja.

Tsiku lotuluka m'chipatala, miyendo yake inali yofooka, ndipo pankafunika womuchotsa pabedi kumuika panjinga ya odwala. Namwino anali ndi wodwala wina. Mlamu anaima kukhoma, manja atawabisa kumbuyo.

"Atate," anatero mkazi wanga, "kodi ndikhala pano mpaka Khirisimasi? Ndinyamuleni."

"Tidikire anamwino."

"Ndadikira inu miyezi yonseyi. Anamwino andigwira mokwanira."

Ndinatambasula zikhatho, chimodzi pansi pa mapewa, china pansi pa mawondo. Anali wopepuka kuposa thumba la simenti. Masitepe atatu okha, koma sindinapume. Nditamukhazika, ndinayang'ana m'manja mwanga. Munalibe kanthu. Nayenso anasuzumira, n'kupumira m'mwamba, ndipo ndinazindikira kuti ankaopa ngati ine.

Anakhalanso nane zaka zingapo. Matuza ankabwerera n'kupita, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kumipanda ndinkamumanga zilonda ndekha. Chimene chinamutenga ndi chifuwa cha m'nyengo ya mvula, monga anachenjezera dokotala uja. Pa zaka zonsezo palibe tsiku limene ndinamunyamula osayang'ana m'manja pambuyo pake. Masiku ena munkakhala kanthu. Iye ankati, "Pukutani, atate, mubwerenso."