Mabotolo Awiri ndi Mabanzi

Mkazi wanga anamupeza ndi matenda a shuga tili ku Balaka, chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku sekondale. Adokotala anatiuza zoti azidya: mgaiwa, nyemba, nsomba, masamba ambiri, zipatso. Zotsekemera asiye. Kumva kunali kosavuta, nkhani inali kumsika. M'chilimwe mulu wa tomato unkachepa sabata ndi sabata mtengo uli womwewo, ndipo ndalama ya nsomba imodzi yooneka inkakwanira chipisi cha anthu awiri ndi mandasi a m'mawa. Mwezi ukafika pakati, tinkadya zimene thumba lalola.

Apongozi anga ankachokera kwa Kawinga kudzamuona. Kwawo kunali nandolo, khobwe, mfutso, matemba a ku nyanja ya Chiuta. Koma kwa iwo, wodwala wa m'tauni, mkazi wa mphunzitsi, sumuyendera ndi za kumunda. Ankagulitsa nandoloyo kwa mavenda, n'kutsika minibasi atanyamula jumbo ya mabanzi ndi mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi.

"Imwa, mwananga, mphamvu zibwerere."

"Ndimwa madzulo, amayi."

"Iyayi, imwa ndikuona. Kapena inu asukulu mumanyansidwa ndi zathu?"

Ankanena akuseka, ndipo mkazi wanga ankamwa. Tsiku lina ndinayesa kufotokoza zimene adokotala ananena, nditakhala chapatali monga achitira mkamwini. Apongozi anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Bambo, tikudziwa kuti ndife osauka," anatero. "Koma izi zokha tiloleni."

Apongozi atachoka, mkazi wanga anatsuka mabotolo aja n'kunena kuti botolo limodzi silipha munthu, ndipo amayi ake akagona mtima uli m'malo.

Sindinganene kuti mabotolowo ndi amene anamutenga. Matenda anali atafika kale ku impso, ndipo chipisi chambiri chimene anadya ndinkabwera nacho ndine. Ndimangoganiza za nandolo uja, matumba angapo, akukwera lole ya mavenda pamene ife tinkamusowa.

Patapita miyezi ingapo titamuika m'manda, apongozi anabwera kudzandiona. Anakhala pamphasa n'kumasula chitenje: nandolo wouma, matemba, mfutso wa khwanya. Sanandiyang'ane kumaso.

"Chaka chino mavenda akugula motibera, bambo. Ndalephera kukuguliraniko zabwino. Pepani."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Ndiwo zimenezo zinandifikitsa kumapeto kwa mwezi, ndikudya ndekha.