Singano ya M'chiuno Mwanga

Ndinaganiza zochoka ku Dambe tsiku limene ndinalephera kumaliza mzere umodzi wa mbatata ya kachewere. Mwendo wakumanzere unangokana. Mayi anayang'ana kumtunda, kunyumba ya azakhali anga a Esinati, alongo awo a malemu bambo.

"Ayambiranso," anatero. "Pita ku Limbe, mwina mankhwala awo sawoloka Shire."

Ndinayamba kutsimphina ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, osagwa mumtengo, osavulala pampira. Mayi anakumbukira kuti sabata imeneyo ndinadya dzungu kwa azakhali. Anandiletsa ngakhale kuwayankha moni. Sing'anga ananditema mphini, n'kundimanga mkuzi wa chithumwa m'chiuno, akuti ndisadzavule. Ine ndine womvera. Mkuzi ukatha, mayi ankangosintha chingwe.

Ku Limbe ndinapeza ntchito yonyamula matumba a shuga. Mu nsapato yakumanzere ndinaikamo chidutswa cha tayala kuti abwana asaone kuti mwendowo ndi waufupi. Anzanga akandiitanira chakudya ndinkanama kuti ndadya kale. Ndinkakadya ndekha m'kachipinda kanga ku Bangwe, chitseko chili chotseka. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe pa foni, mayi n'kuimba. Mawu awo anali omwewo: "Mkuzi uja ulipo? Usadye za anthu."

Chaka chachiwiri chiuno chinayamba kuuma. Kumanga nsapato kunasanduka ntchito. Tsiku lina ndinagwa ndi thumba, ndipo ananditengera kuchipatala. Pojambula ekisire anati ndichotse zitsulo zonse. Ndinavula lamba, koma mkuzi ndinaubisa mu kabudula. Manyazi.

Adokotala anandionetsa chithunzicho. Mutu wa fupa la ntchafu, umene umayenera kukhala wozungulira, unali wophwatalala ngati bowa. Anati ndi matenda osowa: ndili mwana magazi anasiya kufika pafupalo, linafewa, n'kuumanso litapindika. Tsopano likutha msanga ngati la nkhalamba.

"Kodi amabwera ndi chakudya?" ndinafunsa.

"Ayi. Koma zonyamula musiye, achimwene. Mtsogolo mudzafunika opaleshoni."

Ndinaganiza kuti agwirizana ndi abwana kuti andichotse ntchito. Pambali pa fupalo panalinso kamzere koyera. Adokotala anati kameneko kali kunja kwa thupi, ndi chinthu chimene ndavala. Sindinawakhulupirire.

Nditafika kumudzi, mayi anakweza chithunzicho padzuwa, anthu atatizungulira. Za fupa sanamve n'komwe. Chala chawo chinakaima pa kamzere kaja.

"Singano iyi. Zaka zonsezi ndinkanena chiyani? Akaitanidwe."

Kwathu nkhani yotere imathamangitsa munthu pamudzi, ndipo azakhali ali okha. Anabwera, anagwada patali, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Alamu, tamasulani chimene mwanayu wavala."

Ndinamasula ndekha. Nditang'amba kansalu kakuda ka chithumwa, munatuluka mizu youma ndi singano yadzimbiri, yaitali ngati kamzere kaja.

"Sing'anga uja amatero," anatero azakhali. "Cha mwana wanga munalinso singano. Paja ndinakuuzani kalelo kuti mwana wanuyu timutengere kuchipatala ku boma, inu munati ndikufuna kukammalizira panjira."

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Ndinayembekezera kuti mayi apepesa. Anadikira azakhali afike patali, n'kundinong'oneza: "Nanga anadziwa bwanji kuti chithunzicho chikunena za chithumwa? Ganiza bwino."

Pamenepo ndinaona kuti kwathu chithunzi sichingathetse nkhani. Munthu wolakwa anapezeka kale ndili mwana, ndipo palibe akufuna kumutaya.

M'mawa mwake ndinakwera mtunda uja, kupuma katatu panjira. Azakhali anandipatsa mpando ndi mbatata yootcha, osafunsa kanthu. Ndinadya yonse, mayi akuonerera kumunsi.

Koma ndisaname. Ndisanailume, ndinayamba ndainunkhiza.